Katalisti ya Mayi Zikhale

"Tsegula pakamwa, Jobu! Chitsulochi chili ndi miyendo? Chinayenda chokha kukalowa m'kanyumba kako?"

Sajeni Evelesi Chikaonda wa CID anawamva mawuwo akadali kumsewu. Geti linali lotsegula, poti woyenera kulitseka ndi amene ankakalipiridwayo. Anangolowa.

Area 10, teni koloko m'mawa, dzuwa la Okotobala. Inali nthawi ija maofesi a boma ankasamuka ku Blantyre kubwera kuno ku Lilongwe, ndiye nyumba iliyonse mumsewumo inali ndi anthu atsopano ndi makatoni osamasula pakhonde. Iyinso chimodzimodzi. Pakati pa bwalo panali galimoto yoyera ya ku Japan. Pambali pake panaima mayi wa suti ya ku ofesi, nsapato atavula zili m'manja. Kutsogolo kwawo bambo wa imvi anakhala pansi pa simenti, chipewa pa bondo. Pakhonde bambo wina wa tayi ankadinadina foni ngati nkhaniyo ikuchitika kwa aneba.

"Ndinu munaimba ku siteshoni?"

"Ndine. Mrs Zikhale, Bernadetta. Awo ndi amuna anga, a Paxton. Uyu ndi mlonda, komanso ndi wakuba. Mutengeni, officer."

"Waba chani?"

"Katalisti."

Evelesi sanafunse kuti ndi chani. Anakulira m'shedi ya bambo ake, amene anali wowotcherera zitsulo ku Old Town. Katalisti ndi chitsulo chonga botolo lalikulu pa paipi ya ekizozi, pansi pa galimoto, chimene chimasefa utsi. M'kati mwake mumakhala zinthu zonga zisa za njuchi, ndipo zisazo ndiye dilu. Ogula zitsulo a kuseri kwa Msika wa Tsoka anali atayamba kuzifunsafunsa chaka chomwecho.

Mayi Zikhale anafotokoza mothamanga. Posamuka anagunda mwala cha ku Ntcheu, katalisti n'kuphwanyika. Mwezi wapitawo anapita kwa Abdallah, makanika wa ku Area 2. Abdallah anaika ziwiri pa tebulo: original yochotsa ku galimoto ina ya ku Japan, ndi yatsopano yonyezimira ya ku Dubai, ya mtengo wochepa.

"Awa amafuna ya Dubai," analoza amuna awo ndi nsapato. "Ine ndinati no. Galimoto ndi yanga, ndinagula ndi thukuta langa, siivala zinthu za feki. Ndinakhala pa benchi mpaka anamaliza kuwotcherera original. Ndi maso angawa."

"Ndiye?"

"Ndiye sabata yathayi kagetsi kayaka pa dashibodi. Fungo ngati mazira owola. Pa mtunda wa pa mlatho ikukwera ngati ngolo. Lero ndapita ku galaja yaikulu, aikweza m'mwamba, anyamata akuyang'anana. Akuti madam, iyi ndi ya Dubai. Can you imagine? Ndabwera, ndasecha kanyumba ka uyu, ndapeza ichi."

Pansi panali chitsulo cha dzimbiri chodulidwa pakati m'litali, m'kati muli gwaa, mopanda kanthu. Pambali pake sowo yodulira zitsulo.

Evelesi anatembenukira kukhonde. "Bambo Zikhale, amayendetsa ndani?"

"Ine, masiku ambiri." Mawu awo anali ofewa, a munthu wozolowera ma meeting. "Ndimawasiya awa ku Capital Hill, ine n'kupita ku City Centre. Imakhala pa car park tsiku lonse, mutha kufunsa aliyense. So it's simple, sajeni. Zachitikira pabwalo pano, ndipo pabwalo pano pali mlonda mmodzi. Ineyo ndimati tingomuchotsa ntchito, za polisi n'zotaya nthawi."

"Ayi," anatero mayiwo. "Akagone kundende, ku Maula."

"Chabwino, akagone," anatero a Paxton, n'kubwerera ku foni.

Evelesi anavula jekete, natenga katoni imodzi pakhonde, nayala pansi, nalowa chagada kunsi kwa galimoto. Ya Dubai inalipodi, penti yake itapsa n'kusanduka yachikasu. Koma iye ankayang'ana msoko, pamene chitsulo chinalumikizidwa ku paipi. Bambo ake ankati msoko wa wowotcherera uli ngati siginecha, sungaubere. Apa misoko inali iwiri, watsopano pamwamba pa wakale, ndipo yonse inagona ngati mamba a nsomba, mbali imodzi. Dzanja limodzi. Komanso mambawo anagona chobwerera. Dzanja lamanzere.

Anatuluka, nasasa fumbi.

"Mayi, wakuba amene amadula chinthu n'kukuikirani china m'malo mwake, ine sindinamuonepo."

"Akuba a ku Lilongwe ndi ochenjera. Tinachenjezedwa tisanabwere."

"Ndipatseni mpaka folo koloko. Ndikapanda kupeza kanthu, ndiwatenga."

"Folo," anatero mayiwo. "Osati five past."

*

Kanyumba ka mlonda kanali kongokwana mphasa ndi mpando wa pulasitiki wothyoka mwendo. Evelesi anaima pakhomo, a Jobu anakhala pa mphasapo.

"Bambo, kwanu n'kuti?"

"Kwa Mitundu, mayi. Ndimapita Loweruka, ndimabwera Lolemba."

"Mumatha kuyendetsa galimoto?"

"Njinga yokha. Nayonso yakapalasa."

"Kuwotcherera?"

"Ine ndine munthu wa khasu, mayi. Moto umene ndimaudziwa ndi wa chikuni."

"Nanga chitsulo chija munachitenga kuti?"

A Jobu anatembenuza chipewa kawiri. "Anandipatsa bwana aamuna. Tsiku lija anachokera kokonzetsa. Madam analowa m'nyumba, iwo anatsegula buti, nati Jobu kataye ichi. Ndiye ine ndinachiyang'ana. Chitsulo chabwinobwino, chokhuthala. Kutaya chitsulo, mayi? Kwathu ngakhale msomali wopindika timauwongola."

"Mwawauza madam zimenezi?"

"Ndanena. Bwana akuti sakukumbukira. Munthu wa tayi akati sakukumbukira, ine ndikumbukire ndine yani?"

"Munachidula chifukwa chani?"

"Mayi a kunyumba, a Efelo, amaweta nkhuku za lokolo. Mbale za pulasitiki zimagubuduzika. Ndinati ndikachidula pakati zituluka zomwera ziwiri. Sowo ndi ya pano, timadulira mapaipi a kumunda. Ndimati ndipite nazo Loweruka lathali, koma ndinanyamula feteleza."

"M'kati munali chani?"

"Zinyalala. Zotuwa, zoboolabooka ngati zisa zouma. Ndinagogoda zonse zinatuluka."

"Munagulitsa kwa ndani?"

"Kugulitsa zinyalala?" A Jobu anamuyang'ana koyamba m'maso, kuona ngati akuwaseka. "Ndinaona kuti zikufanana ndi phulusa. Ndinasinja ndi mwala, ndinathira pa bedi la mpiru. Kunali nyerere."

Anapita onse kuseri kwa nyumba. Mpiru unali wobiriwira bwino. Evelesi ananjuta, nafukula ndi chala. Tizidutswa totuwa, ta timabowo ting'onoting'ono, tinali mbwee m'dothimo. Anatola todzaza dzanja, nakulunga mu hanki.

Wakuba wa katalisti amasunga zisa n'kutaya chigoba. Uyu anasunga chigoba n'kudyetsa zisa mpiru.

"Nyerere zinathawa?" anafunsa.

"Sizinathawe, mayi."

Anabwerera pabwalo, natembenuza chigoba chija ndi phazi. Kunsi kwake kunali chibowo chophwanyikira m'kati, chachikulu ngati nkhonya. Mwala wa ku Ntcheu. Ichi sichinali original imene mayi Zikhale anasankha, chinali chakale chija. Koma kuwauza pano sikukanathandiza. Original inali ikusowabe, ndipo mayiwo ankafuna munthu.

*

Galaja ya Abdallah inali kuseri kwa mashopu a ku Area 2, kanjira kodutsa pakati pa wogulitsa matayala ndi telala. Evelesi anamupeza atawerama pa ekizozi ya minibasi, magalasi akuda kumaso, moto ukuthetheka. Anaima n'kumangoonerera. Chowotchererera chinali kudzanja lamanzere.

"Che Abdallah."

Anazimitsa, nakweza magalasi pachipumi pa kofia. Munthu wochepa thupi, ndevu zometedwa bwino. "Mama. Galimoto mwaisiya kuti?"

Anamuonetsa chiphaso. Nkhope ya Abdallah sinasinthe, anangopukuta manja nthawi yaitali kuposa mmene mafuta analili.

"Galimoto yoyera ya a Zikhale. Munaika chani?"

"Original. Madam anakhala pa benchi iyo. Anandiuza mmene ndigwirire ntchito yanga kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Chakale munachitani nacho?"

"Mu buti. Pano chakale chimabwerera ndi mwini wake, ngakhale bawuti. Lamulo la malemu bambo anga. Kasitomala akafike kunyumba, aone kuti ndasinthadi."

"Ngakhale chili ndi zisa za ndalama m'kati?"

"Makamaka chimenecho. Ndikayamba kusunga, mawa ndiyamba kuuza anthu kuti katalisti yawo yafa ili yamoyo. Wallahi, pali anzanga akuchita zimenezo mumsewu uno."

"Tandiuzani. Ine nditakhala ndi galimoto, ndisankhe iti?"

Apa Abdallah anamasuka, poti inali nkhani yake. Anatsitsa ya Dubai pa shelefu, naiika m'manja mwa Evelesi. "Nyamulani. Yopepuka eti? Kunja yokongola ngati mkwatibwi. M'kati zisa zake n'zochepa, mankhwala anangowazamo ngati mchere wa m'lesitilanti. Pa galimoto yakale, yopanda kompyuta, ikani, muyenda chaka, mwina ziwiri, palibe adziwe. Ine sindiinyoza, yapulumutsa anthu ambiri. Koma ija ya madam ili ndi sensa kumbuyo. Sensa imanunkhiza utsi. Ikanunkhiza za Dubai imakanena ku dashibodi. Sabata imodzi, mwina ziwiri, kagetsi ngwee."

"Ndipo munthu mumamuuza zimenezo?"

"Aliyense. Ena amamva. Ena amati tidzaona konko."

"Original ndiinyamuleko."

Abdallah anazengereza. Maso ake anathamangira pansi pa tebulo, n'kubwerako msanga. Evelesi anawerama yekha, nakoka thumba la saka. Munali katalisti yolemera, ya zilembo za chi Japan. Kumapeto konse kuwiri kunali kodulidwa chatsopano, ndipo m'mphepete munatsalira msoko. Mamba ogona chobwerera.

"Iyi munaiwotcherapo kale pa galimoto."

"Zinthu zimapita, zimabwera."

"Pansi pa galimoto ya a Zikhale pali misoko iwiri, Che Abdallah. Yonse ndi yanu. Bambo anga anali a Chikaonda a pa mlatho, musandiuze kuti ndi ya munthu wina."

"Ndinu mwana wa a Chikaonda?" Anaseka pang'ono, mosakondwa. "Ndiye basi. Koma mama, ine sindinabe. Ndimaika chimene wabwera ndi galimoto wasankha. Akasintha maganizo, ndimasintha chitsulo, ndimabweza ndalama zapamwamba. Ndi bizinesi yoyera."

"Anabwera nayo ndani?"

"Za m'nyumba za anthu sindilowa."

"Folo koloko ndikutenga mlonda wawo. Bambo wa imvi. Akagona ku Maula chifukwa cha chakale chimene inu munaika mu buti."

Abdallah anayang'ana thumba lija. Minibasi inadutsa kumsewu, kondakitala akukuwa za Kawale.

"Mlonda sanapondepo pano," anatero kenako. "Zimenezo lembani. Koma dzina, mama, mundimvetse. Theka la makasitomala anga pano ndi a maofesi osamukawa. Amabwera ndi madam Loweruka, amabweranso okha Lachiwiri. Ndikatchula mmodzi, onse athawa. Pezani wina anene kaye. Ine ndidzangovomera."

"Lachiwiri," anatero Evelesi.

"Ndangopereka chitsanzo."

"Thumbalo lisachoke. Ndipatseni nambala yanu."

*

Pa car park ya ku City Centre dzuwa linali litapendeka koma likuswabe mtengo. Evelesi anafunsa amene amatsuka galimoto yoyera ya a Zikhale, ndipo onse analoza munthu mmodzi: Nasoni, bambo wa zaka makumi anayi ndi kanthu, ovolosi yodula manja, amene anzake ankamutcha tcheya.

"Bigi Zikhale? Kasitomala wanga ameneyo, sisi. Pepani, bwana. Malo ake ndi awa, pansi pa mtengo. Ndimaika ndowa seveni koloko kuti a Blantyre anzake asalande. Anthu amenewa abwera ndi magalimoto ngati kuno kulibe eni ake."

"Imakhala pano tsiku lonse?"

"Daily. Eyiti mpaka faifi. Bigi sayenda lanchi, amatuma chips."

"Sinajombepo?"

"Never." Anafinya nsanza. "Kupatula lero, ndi Lachiwiri lija."

"Liti?"

"Sabata ziwiri zapitazo. Lachiwiri ndi tsiku la full wash, m'kati ndi kunja, ndiye sindingaiwale. Ndowa yanga inakhala apa mpaka thwelofu ngati chitsiru. Ndinakana ma customer awiri. Bigi osaoneka. Ndinati mwina apita ndi madam ku Blantyre, poti sabata imeneyo madam anapita kukatenga mafayilo otsala, anandiuza yekha bigi."

"Anabwera liti?"

"Lachitatu. Ndiye ndikuuzeni, bwana, galimoto ndimaidziwa ngati mkazi wanga. Itangoima apa ndinamva fungo la penti wopsa kuchokera pansi. Ndinati bigi, mwaotcha chani? Akuti tsuka galimoto, Nasoni, usatsuke nkhani. Chabwino. Pamwamba pa denga mizere ya chingwe, ngati ananyamula matiresi. Matayala fumbi lofiira, osati la ku Area 10, kumene kuja ndi tara. Ili linali la ku Area 25 uko kapena ku 49."

"China?"

Nasoni anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu, ngakhale panalibe wina pafupi. "Pansi pa mpando, kansapato ka mwana. Kapinki, kakang'ono chonchi. Ine ndikudziwa ana a bigi ali ku secondary, ku boarding. Ndinakapereka. Anakaponya m'thumba la jekete, n'kundipatsa ya fanta osapempha. Chiyambireni sanandipatsepo ya fanta osapempha."

"Mungabwereze zimenezi pamaso pawo?"

"Aaa, bwana. Ndiye ndowa yanga ndiziikira ndani?"

"Akufuna kumangitsa mlonda wawo."

"Mdala wa chipewa uja? Amene amabwera ndi mpiru wa madam?" Nasoni anaponya nsanza m'ndowa. "Lembani. Dzina ndi Nasoni, S mmodzi."

Evelesi analemba. Kenako anaimbira Abdallah. "Wina wanena. Bweretsani thumba lija ku Area 10."

Inali kota pasiti fili.

*

Anawapeza mmene anawasiyira, kungoti mayi Zikhale anali atavala masilipasi ndipo a Jobu anali atamanga kale katundu wawo mu jumbo: bulangeti, tochi, kapu. Jumboyo inali pa miyendo pawo.

"Ten to four," anatero mayiwo. "Unyolo uli kuti?"

Evelesi anamasula hanki, naika pa boneti. "Izi ndi zisa za m'chitsulo chimene mwapeza. Zili pa bedi lanu la mpiru. A Jobu anathira kuti aphe nyerere."

"Mpiru umene tikudya?"

"Womwewo. Tembenuzani chigobacho muone kunsi."

Mayiwo anachitembenuza ndi silipasi. Anachiyang'ana chibowo chija nthawi yaitali.

"Mwala wa ku Ntcheu," anatero Evelesi. "Ichi ndi chakale. Makanika anachiika mu buti, a Jobu anauzidwa kuti akataye, iwo anafuna zomwera nkhuku. Munthu wodziwa kuba katalisti sangathire ndalama pa ndiwo."

"Ndiye original yanga ili kuti?"

Pikapu yakale inaima pa geti. Abdallah anatsika ndi thumba la saka, nalowa mosafuna, ngati munthu wopita kukazula dzino. Anaika thumbalo pansi, nalitsegula.

A Paxton anaika foni m'thumba.

"Iyo," anatero Evelesi. "Sinabedwe. Inabwezedwa. Lachiwiri, sabata ziwiri zapitazo, inu muli ku Blantyre. Galimoto sinafike ku City Centre tsiku limenelo, wotsuka wapereka statement. Inapita ku Area 2, anachotsa original, anaika ya Dubai."

"Uyu ndi wabodza," anatero a Paxton, akuloza Abdallah. "Amakanika onsewa ndi amodzi. Anasintha yekha, mwina anagwirizana ndi mlondayu."

Abdallah anali atakonzeka kungogwedeza mutu basi. Koma mawu akuti wabodza anamulowa.

"Bwana, ine ndinakusungirani. Mwandiyamba ndinu." Anatembenukira kwa mayiwo. "Mama, anabwera naini koloko. Anati madam asintha maganizo, akuti ya Dubai ili bwino, mubweze zapamwamba. Ndinawauza kuti sensa idzanena. Anati tidzaona konko. Anafunsanso ngati ndikudziwa wa lole wodalirika wochokera ku Blantyre. Ndinawapatsa mlamu wanga."

"Lole ya chani?" anafunsa mayi Zikhale. "Katundu wathu anabwera ndi lole ya boma."

Evelesi anatsegula kabuku kake, nawerenga mosakweza mawu, ngati akuwerenga mndandanda wa zogula. Mizere ya chingwe padenga. Fumbi lofiira. Kansapato kapinki pansi pa mpando.

Mayi Zikhale sanakuwe. Anakhala pa masitepe a khonde, navula silipasi imodzi, naiyang'ana, naivalanso.

"Mkazi wa ku Chilobwe uja, wa ku Blantyre," anatero. "Munati zinatha."

"Bernadetta, tikambirane m'nyumba."

"Nayenso wasamuka ndi boma?"

"Pali mwana. Sindikanawasiya kumene kuja opanda..."

"Ndiye munakwawa pansi pa galimoto yanga kukafuna transport yake."

"Ndimati ndidzabwezeretsa original mwezi ukatha. Sukanadziwa n'komwe. Ndi kagetsi kaja basi."

"Ndinakuuzani za kagetsi," anatero Abdallah. Anatola kachidutswa kamodzi pa hanki, nakayang'ana padzuwa, napukusa mutu. "Ndipo bwana, zimene munati akataye zija, mukanapita nazo kuseri kwa Tsoka, theka la lole likanakwana. Munali nazo mu buti."

Evelesi anatseka kabuku. Kwa iye nkhani inali itatha. Galimoto ndi ya mkazi, wasintha chitsulo ndi mwamuna. Mayiwo akafuna case abwere ku siteshoni, koma ankadziwa kuti sabwera, nkhani zotere zimathera kwa ankhoswe. Chimene chinamukhalira pamtima pang'ono chinali china. M'mawa uja bamboyu anati "chabwino, akagone," ndipo chala chake sichinaime n'komwe pa foni.

"Bambo Zikhale, mukanalola kuti ndiwatenge?"

A Paxton anakonza tayi. "Ndikanakawatulutsa. After a few days."

A Jobu anamva. Sanatembenuke. Anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira, nakoleka jumbo pa mkono.

"Mayi a polisi," anatero, "zitsulozi ndi umboni?"

"Ayi, bambo. Zatha ntchito."

Anawerama, natola zigoba ziwiri zija, naziphatikiza, nazipana m'khwapa. Sowo anainyamula, nakaiika bwinobwino pa sitepe, pafupi ndi phazi la mayi Zikhale.

Mayiwo anakweza mutu. Mawu awo anali atatsika, ndipo "iwe" uja anali atasowa.

"A Jobu, pepani. Zinthu zinangosokonekera. Ikani katundu wanu, mwezi uno ndikuonjezerani kenakake." Anayang'ana kumsewu, kumene wantchito wa aneba anali ataima ndi tsache osasesa. "Ndipo tatsekani getilo, anthu akutionera."

A Jobu anavala chipewa.

"Tsekani nokha, mayi."

Anadutsa pambali pa pikapu ya Abdallah, nakhotera kumanzere, njira ya ku siteji, zitsulo zikugundana m'khwapa.